Mwana akalakwa m'kalasi: zochita mukaika chikwapu pansi

Funsoli limabwera m'mawu ofanana nthawi zonse, kaya akufunsa ndi mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji kapena mkhalakale pa ntchitoyi: "Mukuti tisamenye, tisakalipe, tiziphunzitsa ana za kumtima. Nanga mwana akang'amba kope la mnzake n'kumuponda dala, tizingomusekerera?" Ndayankha pakamwa mpaka kutopa, ndiye ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera.

Ayi, musamusekerere. Wolakwa aone zotsatira za zimene wachita. Koma mwana wa zaka 7 amene amamenya akakwiya nthawi zambiri sadziwa china chochita ndi mkwiyowo, ndipo chikwapu sichimuphunzitsa chinacho. Chimangomuletsa inu mukakhalapo. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti ana okwapulidwa sakhala omvera kuposa anzawo, m'malo mwake ukali ndi kusamva zimachuluka. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, limanenanso m'ndime 28 kuti mwambo wa pasukulu usanyoze ulemu wa mwana monga munthu.

Mwina munamvapo chidule chakuti SEL (m'Chingerezi, Social and Emotional Learning). Ndi ntchito yophunzitsa ana kuzindikira zimene akumva mumtima, kudziletsa ndi kukhala bwino ndi anzawo, mwadala ndi mwadongosolo monga timachitira ndi masamu. Bungwe la CASEL, limene linayamba ku United States mu 1994, limaigawa pasanu: kudzidziwa, kuugwira mtima, kumvetsa mmene ena akumvera, kugwirizana ndi anzako, ndi kusankha zochita moganizira mapeto ake. Amene amati zimenezi zimadya nthawi ya maphunziro adziwe izi: mu 2011 Joseph Durlak ndi anzake anaunika mapulogalamu 213 a ana oposa 270,000, ndipo mwana amene akadaposa anzake 50 mwa 100 pa mayeso ankaposa 61 akaphunzitsidwa zimenezi bwino. Mawu akuti "bwino" muwagwire, tibwereranso pamenepo.

1. Malamulo akhale ochepa, ndipo muwaphunzitse ngati phunziro

Atatu kapena anayi akwana, asanu ndiye malire. Lililonse linene chinthu chooneka ndi maso: "Mnzathu akamalankhula timamvetsera." "Tikafuna kuyankha timakweza dzanja." "Chinthu cha mwini timapempha tisanatenge." Lamulo lakuti "khalani aulemu" silithandiza mwana wa sitandade 1, chifukwa sadziwa kuti ulemu umaoneka bwanji pa nthawi yolandira mabuku.

Ambiri amalakwitsa polemba malamulowo pa pepala lalikulu, kumata kukhoma, basi nkhani yatha. Sabata ziwiri zoyamba za teremu muziyeserera. Lowani m'kalasi, tulukani, lowaninso. Onetsani nokha kalowedwe kolakwika, mukukankhana ndi chitseko, ana aseke, kenako akuuzeni chimene mwalakwitsa. Chitani chimodzimodzi ndi kagawidwe ka mabuku, kapemphedwe kopita kuchimbudzi, ndi chizindikiro chanu chofunira bata. Zolakwa zambiri za m'kalasi zimachitika posintha ntchito, pamene ana sakudziwa chotsatira.

Ngati kalasi ndi yaphokoso kale, pali masewero otchedwa Good Behavior Game, amene Harriet Barrish, Muriel Saunders ndi Montrose Wolf anawafotokoza koyamba mu 1969 ku Kansas, m'dziko la United States. Mumagawa ana m'magulu, n'kunena kuti kwa mphindi 10 gulu lililonse lizilandira kachizindikiro pa bolodi wina wa m'gulumo akaphwanya lamulo. Magulu onse amene sanapitirire malire amene mwaika apambana, ndipo mphoto yake ndi yaing'ono, monga kuyamba kutuluka. Ku Baltimore, mzinda wa m'dziko lomwelo, anayesa masewerowa pa ana a makalasi awiri oyamba m'zaka za m'ma 1980, n'kuwatsatira mpaka atakula, ndipo anyamata amene anali aukali ali aang'ono anapezeka kuti sanalowerere kwambiri m'mankhwala osokoneza bongo poyerekeza ndi anzawo amene sanasewere. Chenjerani ndi chimodzi: pakakhala mwana amene akugwetsa gulu lake dala, mupangeni gulu payekha kwa masiku angapo, kuopa kuti anzake angamudikire panjira.

2. Apatseni mawu, kunja kuli bata

Ana ambiri ali ndi mawu awiri okha, "bwino" ndi "sindikufuna." Onjezerani pang'onopang'ono: kukwiya, mantha, manyazi, nsanje, kukhumudwa, nkhawa, kusungulumwa. Njira yosavuta ndi nkhani zimene mukuwerenga kale m'kalasi. Imani pakati n'kufunsa kuti, "Mtsikanayu akumva bwanji pano? Mwadziwira chiyani? Inu mukakwiya, m'thupi mumamva pati?" Wina adzati pakhosi, wina m'mimba, wina adzakuonetsani chibakera. Mwana amene amazindikira kuti manja ake ayamba kufumbata ali ndi kamphindi kosankha, kamene mnzake wosazindikira alibe. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake ku yunivesite ya UCLA ku United States anajambula ubongo wa anthu akuluakulu n'kuona kuti munthu akatchula dzina la chimene akuona pa nkhope yaukali kapena yamantha, mbali ya ubongo yochenjeza za ngozi imachepetsa mphamvu.

Phunzitsaninso chochita chimodzi kapena ziwiri: kupuma mozama katatu, kukoka mpweya ndi mphuno ndi kutulutsa pang'onopang'ono pakamwa, kapena kuwerenga chamumtima kuchoka pa 10 kubwerera pa 1. Kalasi yonse izichita tsiku lililonse, makamaka pochokera kokasewera, popanda amene walakwa. Gulu la Durlak linapeza kuti mapulogalamu amene anapindula ndi aja amene ankatsata ndondomeko, ana ankayeserera okha osati kungomvera, anali ndi nthawi yakeyake, ndipo luso lophunzitsidwalo linkatchulidwa momveka. Ulaliki wa mphindi zisanu wa "tizikondana" pa mzere wa m'mawa suli m'gulu limeneli.

3. Mwana azimva dzina lake asanalakwe

Imani pakhomo m'mawa, aliyense mum'patse moni ndi dzina lake. Poyamikira nenani chimene mwaona: "Wadikira mpaka mnzako wamaliza, zikomo," osati "mwana wabwino." Ndipo dzifunseni ngati pali mwana amene dzina lake limatuluka pakamwa panu pomudzudzula pokha. Alipo m'kalasi iliyonse. Mawa muyambe ndi iyeyo.

4. Zazing'ono zizimitseni phunziro lisanaime

Kunong'onezana, kugogoda desiki, kutembenukira kumbuyo: musaimitse ana onse chifukwa cha mmodzi. Yendani mukaime pafupi naye mukupitiriza kuphunzitsa. Zikakanika, muyang'aneni, kapena lozani pa kope lake. Zikakanikabe, weramani n'kumuuza motsitsa mawu chimene achite, osati chimene asiye: "Tsegula tsamba 12." Mukatero chokanipo, mum'patse mpata womvera popanda maso a kalasi yonse. Mwana amene mwamukalipira kuchokera kubolodi amasankha pakati pa kumvera inu ndi kusachita manyazi pamaso pa anzake, ndipo wamkulupo amasankha chachiwiricho.

Ngati pafunika chenjezo, likhale limodzi, ndipo likhale loti mungathe kulichita: "Ukapitiriza kucheza, usamukira pampando wa kutsogolo." Akapitiriza, musamutseni, popanda ulaliki. Machenjezo asanu amaphunzitsa ana kuti anayi oyambawo ndi aulere. Kulanga kalasi yonse chifukwa cha awiri, ndi kupatsa mwana mnzawo ntchito yolemba mayina a olongolola, zonsezi zimabala chidani pakati pa ana, chimene mudzachipezanso pabwalo.

5. Akaphulika, ntchito yanu ndi imodzi: aliyense akhale wotetezeka

Mpando wagwa, wina akulira, mnyamata waima akupuma mwawefuwefu, maso ali psuu. Pamenepa si pophunzitsa. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa mphumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndipo mwa mwana amene wapsa mtima imakhala ngati yatseka. Mafunso anu sakulowa.

Yambani ndi thupi lanu. Nanunso mtima ukugunda, ndipo ana onse akuyang'ana inu kuti adziwe ngati zinthu zavuta. Pumani kamodzi musanalankhule. Tsitsani mawu kuposa masiku onse. Musamuimirire pamutu, imani cham'mbali, manja anu awaone. Siyanitsani anawo, wovulala ayambe kuthandizidwa. Kwa wokwiyayo mawu akhale ochepa: "Ndaona wakwiya kwambiri. Sindilola kuti umenye munthu. Tiye ukakhale apo." Akakana kusuntha koma sakuvulaza munthu, sunthani enawo, iye musamukoke. Ngati akuponya zinthu, tumani mwana akaitane mphunzitsi wa kalasi yoyandikana. Mugwirizane zimenezi teremu isanayambe.

"Apo" ndi malo oziziritsira mtima: kampando kapena kamkeka pangodya ya kalasi pamene inu mukumuona. Si ndende. Ana onse aziwadziwa kuyambira sabata yoyamba, ndipo mwana aziloledwa kupitapo yekha akamva kuti zikubwera. Mphindi zitatu mpaka zisanu nthawi zambiri zimakwana. Mukayamba kuwagwiritsa ntchito moopseza, "ndikukhazika pangodya," ndiye kuti mwawaononga, palibe adzapitepo mwa kufuna kwake. Kumutulutsa panja yekha n'koipa koposa: simukumuona, ndipo ngati phunzirolo limamuvuta, mwangomupatsa chimene amafuna.

6. Kukambirana kwa pambuyo pake

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo aphunzitsi ambiri amalekera pa sitepe 5. Mwana wakhala chete, phunziro lapitirira, belu lalira, aliyense kwawo. Zikamathera pamenepo ana amaona kuti womenya anangokapuma pangodya, ndipo amene amati SEL ndi kulekerera amakhala akunena zoona. Kuzizira mtima kumangotsegula khomo. Mwambo weniweni uli m'mphindi zisanu zotsatirazi.

Nthawi yake ndi tsiku lomwelo, mwana atazizira ndipo inunso mutazizira. Ngati mawu anu akadanjenjemera, muuzeni kuti, "Tilankhulana pa buleki," ndipo musaiwale, chifukwa iye saiwala. Mudzati nthawi mulibe, kalasi ndi yodzaza. Zoona. N'chifukwa chake kukambiranaku si kwa cholakwa chilichonse, ndi kwa zimene zapweteka munthu, zaononga chinthu, kapena zabwerezedwa. Apatseni enawo ntchito yolemba, inu mukhale naye pakhomo chitseko chili chotsegula, pooneka koma posamveka. Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake, ndipo musamukakamize kukuyang'anani. Ana ambiri amalankhula bwino mutakhala nawo moyandikana, nonse mukuyang'ana kutsogolo.

Musayambe ndi "Wachitiranji zimenezi?" Yankho lake ndi "kaya" kapena bodza, chifukwa mwana amamva funsolo ngati mlandu, ndiponso kawirikawiri chifukwacho sachidziwadi. Funsani motsatana motere: chinachitika n'chiyani, unkamva bwanji pa nthawiyo, ndani wapwetekedwa, tikonze bwanji, ndipo ulendo wina uchita chiyani. Zimamveka chonchi.

"Tandiuza, chinachitika n'chiyani?"

Chete. Akukanda desiki ndi chikhadabo. Apa ndi povuta, chifukwa pakamwa panu pamayabwa kuti mumuyankhire. Kuona maso a nkhono n'kudekha: werengani chamumtima mpaka 10, ngakhale 20.

"Anayamba ndi iyeyo."

"Chabwino. Anayamba bwanji?"

"Amandiseka. Akuti ndimawerenga ngati wa sitandade 1."

"Atanena zimenezo, iwe unamva bwanji?"

"Kaya."

"Ena akasekedwa amakwiya, ena amachita manyazi, ena zonse ziwiri. Iwe?"

"Zonse."

"Ndamva. Kusekedwa kumawawa, ndipo iyenso ndilankhula naye. Koma kope lake lang'ambika, phazi lake latupa. Zimenezo wachita ndiwe. Tikonza bwanji?"

Onani kuti mwavomereza mkwiyo wake osavomereza chimene wachita. Mawu akuti "anayamba ndi iyeyo" musalimbane nawo; mukawatsutsa, kukambirana kumasanduka bwalo la milandu. Onaninso kuti mwatulukira chinthu chimene chikwapu chikadakwirira: mwanayu kuwerenga kukumuvuta, ndipo anzake akudziwa.

Ngati akukana zimene munaona ndi maso anu, musamufunse funso lomupatsa mpata wonama. Nenani kuti, "Ndinaona ukung'amba kope. Sindikufunsa ngati unachita, ndikufunsa chimene chinachitika usanang'ambe."

Tsopano chotsatira cha cholakwacho. Chigwirizane ndi zimene wachita, chikhale choti angathe kuchimaliza lero kapena mawa, ndipo chisamuchititse manyazi. Wang'amba kope, alimate ndi kukoperanso masamba oonongeka pa nthawi yake yosewera. Walemba pakhoma, atsuke. Wamenya mnzake pampira, mawa aonerere ali pafupi nanu, mkucha abwerere m'bwalo mutakumbutsana chochita. Kugwada, kusesa bwalo chifukwa cholongolola, kapena kulemba "sindidzabwerezanso" kokwana 100, sizikugwirizana ndi cholakwa chilichonse, ndipo chomalizachi chimangophunzitsa mwana kuti kulemba ndi chilango. Yambani mwamufunsa iye maganizo ake. Mudzadabwa kuti ana ena amadzigamulira chilango chowawa kuposa chimene mukadapereka, ndipo ntchito yanu imakhala kuchichepetsa.

Kupepesa musakukakamize pomwepo. "Pepa" wotuluka ndi mano olumana amanyoza wopwetekedwayo kachiwiri. Muthandizeni kukonza mawu atatu: chimene ndinachita, mmene chakupwetekera, chimene ndichite. Ndipo wopwetekedwayo mufunseni payekha chimene akufuna. Ali ndi ufulu wonena kuti sanakonzeke kugwirana chanza. Ngati nkhaniyo ndi yopezerera, wamphamvu kuvutitsa wofooka mobwerezabwereza, musawakhazike pamodzi ngati olakwa ofanana. Wovutitsidwayo adzangovomera chilichonse chifukwa cha mantha. Imeneyo ndi nkhani yopita kwa mphunzitsi wamkulu ndi makolo.

Funso lomaliza lija, lakuti ulendo wina uchita chiyani, lisathere pa "sindidzachitanso." Limenelo ndi lonjezo lopanda njira. Yesererani pomwepo: "Ine ndikhale mnzako uja. Ndakuseka. Manja ako ayamba kufumbata. Ukutani?" Anene mawuwo ndi pakamwa pake, "Siya, sindikufuna," aimirire, ayende mpaka pa malo oziziritsira mtima kapena kwa inu. Kawiri kapena katatu. Zimaoneka ngati zachibwana, koma ndi pokhapa pamene mwana wagwira luso latsopano.

Kenako mubwezereni m'kalasi, ndipo nkhaniyo ithe. Mawa mum'patse moni pakhomo monga wina aliyense, mum'tume kukafufuta bolodi, ndipo musadzaitchulenso pamaso pa anzake. Mwana amene waona kuti kwa inu adzakhala woipa mpaka kalekale alibe chifukwa choyesera. Jason Okonofua ndi anzake ku yunivesite ya Stanford ku United States anaonetsa mu 2016 kuti aphunzitsi a masamu ku California atangolimbikitsidwa mwachidule kumva mbali ya mwana ndi kusunga ubale polanga, ana oimitsidwa sukulu anatsika kuchoka pa 9.6 kufika pa 4.8 mwa 100 alionse. Anawo anali okulirapo kuposa a m'makalasi oyamba, ndipo aphunzitsiwo sanauzidwe kuti asiye kulanga.

7. Zikabwerezedwa, lembani musanagamule

Tsegulani tsamba la mizere inayi: tsiku ndi nthawi, chimene chinachitika chisanachitike cholakwacho, cholakwacho, ndi chimene chinatsatira. Pakatha sabata ziwiri werengani. Mudzaona kuti "mwana wovuta" uja amavuta pa nthawi yowerenga mokweza, kapena Lolemba lokha, kapena akakhala pafupi ndi wakutiwakuti, kapena nthawi ya chakudya ikayandikira. Khalidwe lobwerezedwa limakhala ndi chimene likupezera mwanayo: kuthawa ntchito yovuta, kapena maso anu, ngakhale akhale maso aukali. Ngati akuthawa kuwerenga, mankhwala ake ndi kumuthandiza kuwerenga ndi kusiya kumuimiritsa pamaso pa anzake mpaka atalimba. Onaninso ngati akumva bwino ndi kuona pabolodi. Ana ena otchedwa osamvera samvadi.

Makolo musawaitane koyamba pa tsiku la mlandu. Atumizireni uthenga wabwino kale, kuti podzabwera woipa adziwe kuti mwana wawo simudana naye. Pokumana nawo tengani tsamba lija, nenani zimene munaona popanda kum'patsa mwana dzina, ndipo afunseni chimene chimathandiza kunyumba akakwiya. Auzeninso momveka kuti kusukulu nkhaniyo yakonzedwa kale ndipo simukupempha kuti akamukwapule, apo ayi mwanayo sadzakuuzaninso kanthu.

Pali zina zimene sizidikira sabata ziwiri: mwana wasintha khalidwe mwadzidzidzi, ali ndi mabala amene sakufotokozeka, akuopa kupita kwawo, akulankhula kapena kuchita zogonana zosagwirizana ndi msinkhu wake, kapena akunena zodzivulaza. Zikatere musafufuze nokha ndipo musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Lembani mawu ake monga wawanenera, ndi tsiku ndi nthawi, ndipo tsiku lomwelo kauzeni mphunzitsi wamkulu kapena amene sukulu yanu inamusankha kuona za chitetezo cha ana.